Laisensi ndinali nayo, koma madzi anali a eni ake: mmene ndinayambira fly fishing ku England

Ndinakulira ku Nkhotakota, kufupi ndi nyanja, ndipo mbedza ndinayamba kugwira ndisanalowe sukulu. Ku Leicester ndinafika mu 2021 kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Za kuzizira anthu anali atandichenjeza kale, koma palibe anandiuza kuti ndidzasowa nsomba yaiwisi chonchi. M'masitolo zilipo ndithu, koma zambiri ndi zogonera mufiriji miyezi, ukaziphika msuzi wake umangokhala madzi. Ndiye nditaona anthu akuwedza mumtsinje wa Soar ndi mungalande ya Grand Union, zomwe zimadutsa mumzinda momwemo, mtima unadumpha. Chondizunguza mutu chinali choti aliyense akakola nsomba ankangoijambula n'kuibwezera m'madzi.

Mayi wina wachizungu amene tinkagwira naye shifiti yausiku ndi amene ananditsegula m'maso. Anati nsomba yoti munthu atengere kunyumba popanda kuyambana ndi wina aliyense ilipo, ndi trout ya m'madamu. Eni madamuwo amagula trout zoweta n'kumathira m'madzi, iwe umalipira tikiti yonena kuti utenga ziwiri, zinayi kapena kuposa apo. Koma pafupifupi madamu onsewo salola nyongolotsi kapena nyambo ina iliyonse yamoyo. Amafuna fly fishing basi. Chaka changa choyamba chonse chinathera pa zinthu zoti munthu wodziwa akanandifotokozera pa kapu imodzi ya tiyi, n'chifukwa chake ndalemba izi.

Kumayambiriro kwa 2022 ndinagula zida pa intaneti: ndodo, reel (kagudumu kokulungirapo chingwe), chingwe ndi kabokosi ka ma fly, zonse pamodzi mapaundi 60. Ogulitsawo analemba kuti zimagwira ntchito pamadzi amtundu uliwonse, lomwe linali bodza lamkunkhuniza. Kwathu tikamaponya mbedza, chimene chimakoka chingwe ndi kamtovu kapena nyambo yomwe. Apa zinthu n'zosiyana. Fly ndi mbedza yovekedwa nthenga, ubweya ndi ulusi kuti ioneke ngati kachilombo ka m'madzi kapena kansomba, ndipo ilibe kulemera kulikonse. Chimene umaponya ndi chingwe chenichenicho, chonenepa, chokutidwa ndi pulasitiki, ndipo fly imangotsatira kumapeto kwa kachingwe kena kopyapyala kosaoneka m'madzi kotchedwa leader. Ndodo ili ndi nambala yake, chingwe chili ndi yake, ndipo ziwirizi ziyenera kufanana. Ndodo yanga inalembedwa 5, koma chingwe chimene anandiikiramo chinalibe nambala ndipo chinali chopepuka kwambiri moti ndodo sinkapindika n'komwe. Ndinkapita kupaki m'mawa ndikaweruka, kuyeserera paudzu, chingwe n'kumangounjikana pamapazi. Ndinkaganiza kuti dzanja langa ndi lolemera. Mlandu unali wa chingwe.

Kwa amene akuyamba: pamitsinje ing'onoing'ono anthu ambiri amagwiritsa ntchito ndodo ya mafiti 9 ya nambala 5, pamadamu akuluakulu amphepo ya mafiti 10 ya nambala 7. Chingwe chikhale choyandama, cholemerera kutsogolo, cholembedwa WF. Ngati ndalama ndi zochepa, ziikeni pa chingwe. Reel ingakhale yotchipa, ntchito yake yaikulu ndi kusunga chingwe.

Za laisensi ndinafufuza bwinobwino, poti sindinkafuna kulakwira boma la eni. Ku England ndi ku Wales aliyense wa zaka 13 kupita m'tsogolo ayenera kukhala ndi laisensi yowedzera, yogulidwa pa GOV.UK, ndipo ku England oyang'anira ake ndi a Environment Agency. Ilipo ya tsiku limodzi, ya masiku 8 ndi ya miyezi 12. Ana a zaka 13 mpaka 16 salipira koma ayenera kulembetsa. Wopezeka alibe angathe kulipitsidwa chindapusa chofika mapaundi 2,500. Ine ndinagula ya chaka pa mapaundi 30, mtima n'kukhala m'malo.

Mu Epulo ndinakwera basi kupita kumudzi wina kunja kwa mzinda, kumene pamapu ndinaona kamtsinje kodutsa m'minda ndi kanjira kololedwa kuyendamo aliyense m'mbali mwake. Ndisanathe ndi theka la ola, ndinamva galu akubwera, pambuyo pake bambo wachikulire wovala jekete yobiriwira. Anandipatsa moni mwaulemu n'kupempha kuona tikiti. Ndinatulutsa foni monyadira kuwaonetsa laisensi.

"Iyi ndi ya boma, ndaiona," anatero. "Nanga ya kalabu ili kuti?"

"Pepani bambo, kalabu yake iti?"

"Eni ake a madzi ano. Kuyambira pa mlatho paja kufika kumpanda uko timalipira lendi chaka ndi chaka. Njirayi mungayendemo mmene mungafunire, koma kuwedza ayi."

M'mimba munatentha. Chimene chinabwera m'mutu si nsomba, koma viza. Munthu wobwera ndi pepala la ntchito amaopa chilichonse chonunkha polisi. Bambowo ataona mmene ndinasinthira nkhope anafewa, n'kukhala nane pachipika kundifotokozera. Laisensi imangokulola kugwira ndodo. Ufulu wowedza pamalo uli ndi mwini wake, kaya ndi mlimi, kampani ya madzi, khonsolo kapena kalabu, ndipo umafunika chilolezo chachiwiri chochokera kwa iyeyo. Kuwedza pamadzi a eni popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la kuba, Theft Act ya 1968, ngakhale usanakole kanthu. Anandisiya ndipite osandilemba paliponse. Basi yobwerera inali ya madzulo, ndiye ndinakhala pasiteji maola angapo ndodo ili m'thumba, njala ndi manyazi zikundidya limodzi.

Anandiuzanso za nyengo zotseka, zomwe ndinali ndisanamvepo. M'mitsinje, kuyambira pa 15 Malichi mpaka pa 15 Juni saloleza kuwedza nsomba wamba monga roach, chub, pike ndi grayling, chifukwa zimakhala zikuswana. Trout yamtchire ya m'mitsinje, yofiirira ija yamadontho, imatsekedwa m'nyengo yozizira, kuyambira cha mu Okutobala mpaka cha mu Malichi, ndipo masiku enieni amasiyana malinga ndi dera. Ngakhale nyengo yotsegula, lamulo limaika malire pa zotenga mumtsinje patsiku: pike imodzi yosapitirira masentimita 65, grayling ziwiri za pakati pa masentimita 30 ndi 38, ndi tinsomba 15 tosapitirira masentimita 20. Makalabu ambiri amaletseratu kutenga ngakhale imodzi. Abale athu ena amaona ngati kubweza nsomba m'madzi ndi misala ya azungu, n'kumabisa m'chikwama. Ameneyo akudziputira nkhani yaikulu chifukwa cha ndiwo ya tsiku limodzi, komanso akuipitsira mbiri tonsefe. Ndanenapo zimenezi kutchalitchi ndipo ena sanakondwere nane.

Nditapsa pamtsinje ndinati basi, ndipita kumene tikiti amagulitsa poyera. Ndinasankha Rutland Water chifukwa ndi dzina limene aliyense ankatchula. Ndi damu la kampani ya Anglian Water, linamangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo ndi limodzi mwa madamu aakulu kwambiri mu England. Kuchokera ku Leicester umakwera sitima kukatsikira ku Oakham, koma nyumba ya asodzi ili ku Normanton, tsidya lakummwera, pafupi ndi katchalitchi kaja kooneka ngati kakuyandama pamadzi. Wopanda galimoto amawonjezera takisi. Sitima, takisi ndi tikiti zinandidyera ndalama zopitirira mapaundi 60 tsiku limodzi.

Unali mwezi wa Julayi 2022. Amene anali kuno akukumbukira kutentha kwake. Pa 19 Julayi ku Coningsby, m'chigawo cha Lincolnshire chomwe chili pafupi, kunafika madigiri 40.3, zomwe zinali zisanachitikepo m'dziko muno. Ine ndinkaona ngati dzuwa ndi mwayi. Wogulitsa tikiti anandiuza mosabisa kuti kugombe kulibe nsomba, zatsikira pansi, bola kukwera boti. Ndinamva, koma boti ndi ndalama zina, ndipo ulendo ndinali nditayenda kale. Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira. Madzi akayandikira madigiri 20 mpweya umachepa, iyo imafooka, imasiya kudya n'kuthawira kwakuya kumene munthu wa pagombe sangafike. Ndinaima padzuwa tsiku lathunthu ndikukwapula madzi opanda kanthu, n'kubwerera chimanjamanja, mkono ukuwawa. Julayi ndi Ogasiti si miyezi yoyambira. Miyezi yabwino pagombe ndi Epulo, Meyi ndi Juni, kenako Seputembala ndi Okutobala.

Chinatsala pang'ono kundisiyitsa ndi mbedza. Tsiku lina padamu lina laling'ono mphepo inkachokera kudzanja lamanja, lomwe ndimaponyera. Mphepo yotere imakankhira chingwe kuthupi. Ndinangomva kuti thwa! kukhutu, ndikagwira, fly yalowa m'mnofu mpaka kobisa kanga kake. Kuikoka sikunatheke. Bambo wina amene anali pafupi anadula leader n'kundiperekeza pagalimoto yake kuchipatala, kumene ndinadikira usiku ndithu, nthenga zobiriwira zikulendewera kukhutu, ana akundiloza. Anachita kubaya jekiseni ya dzanzi n'kuitulutsira kutsogolo. Shifiti ya tsiku limenelo inapita, malipiro ake omwe. Namwino anandiuza kuti ndithokoze poti silinali diso. Kuyambira pamenepo sindiponya popanda magalasi ndi chipewa, ngakhale kukhale mitambo, ndipo kanga ka mbedza iliyonse ndimakaphwanya ndi pulayala ndisanaimange. Mbedza yopanda kanga imatuluka mosavuta m'khutu la munthu ngakhalenso m'kamwa mwa nsomba imene ukufuna kubweza.

Kunyumba mayi a ana anali atatopa nazo. "Bambo, safunsa anadya phula. Kodi kulibe munthu wophunzitsa zimenezi?" Ndinayankha kuti munthu wa kunyanja saphunzitsidwa kuwedza. Anangoseka n'kupitiriza kusita. Zida zinakhala kuseri kwa chitseko mpaka Okutobala.

Aphunzitsi alipo, ndipo ndi pamene zinthu zinatembenukira. Pali mabungwe awiri a aphunzitsi oyesedwa mayeso, GAIA ndi AAPGAI, ndipo pamasamba awo a intaneti umapeza amene ali m'dera lako. Madamu akuluakulu ngati Rutland amakhalanso ndi masiku a ongoyamba kumene, obwereketsa ndi zida zomwe. Ine ndinalipira mapaundi 70 kwa maola awiri. Mphunzitsiyo, bambo wopuma pantchito, anangoponya kamodzi ndi ndodo yanga n'kufunsa kuti chingwechi ndinachitola kuti. Anandimangirira chake cha nambala 5, kumapeto n'kuikako kaubweya m'malo mwa mbedza. Nthawi yoyamba ndinamva ndodo ikupindika m'manja, chingwe chikuikoka kumbuyo.

Zimene anandikonza zinali zochepa. Ndinkathyola dzanja pamfundo, ndodo n'kumagwera kumbuyo mpaka fly kukola udzu. Iye anati ndodo iziima ikangodutsa pakhutu, kuima kwenikweni kwadzidzidzi, kenako ndidikire chingwe chitambasuke kumbuyo ndisanakankhire kutsogolo. Kudikira kumeneko ndi kumene kumavuta, chifukwa thupi limafuna kufulumira. Ukafulumira umamva kulira ngati chikwapu, fly yaduka, kapena leader imadzimanga timfundo timene timaifooketsa. Mphamvu sizifunika. Anandiphunzitsanso kuponya kogubuduza chingwe pamadzi osachipititsa kumbuyo, kothandiza pamene kumbuyo kuli mitengo. Za mphepo anati ndiziima pamene ikuchokera kumanzere, ndipo ikavuta nditembenuke ndiziponya chafutambuyo. Pomaliza ananena mawu amene ndinawakayikira: nsomba zambiri zimakoledwa pafupi, mamita 10 kapena 15 kuchokera kugombe, ndipo ongoyamba amazithamangitsa polowa m'madzi mwaphokoso kufuna kuponya kutali.

Anandiuzanso kuti ndisiye kaye madamu akuluakulu. Pali timadamu ting'onoting'ono ta maekala ochepa, ta alimi kapena mabanja, momwe amathiramo trout pafupipafupi. Pamenepo nsomba sizikhala patali, ndipo mwini wake amakuuza fly imene ikudyedwa sabata imeneyo. Odziwa ena amatinyoza timadamu totere kuti n'kuwedza m'beseni. Asiyeni anyoze. Munthu amene sanamvepo trout ikukoka sangaphunzire kanthu pamadzi a makilomita.

Ndinapita pa kena kumapeto kwa Okutobala, nditagula chingwe chabwino cha mapaundi 35. Kunali mitambo, kamphepo kakuchita timafunde. Mwini malo anandipatsa fly yotchedwa Damsel, yobiriwira, ya mchira wa nthenga zofewa ndi kamkanda kagolide kumutu. Anati ndikaponya ndiwerenge mpaka 10 kuti imire, kenako ndizikoka chingwe pang'onopang'ono ndi zala, ndipo ngati palibe kanthu ndiwerenge mpaka 20, chifukwa kupeza kuya kumene nsomba zili n'kofunika kuposa mtundu wa fly. Pa 20 pomwepo chingwe chinangolimba ngati ndakola udzu, kenako chinathawa m'zala mpaka kundiwotcha. Nsomba inadumpha yonse kunja, mzere wofiira m'nthiti ukuwala, n'kugwa chammbali. Miyendo inkanjenjemera. Ndinakumbukira kukweza ndodo ndi kuilola ithawe ikafuna. Itatopa inagona chammbali, ndinaikokera mu kaukonde kamanja. Malamulo a malo otere amafuna kuti nsomba yotenga uiphe nthawi yomweyo ndi kachibonga kakang'ono kumutu, osaisiya ikuphiriphitha paudzu. Inali yosakwana kilogalamu.

Nditafika nayo, mayi a ana anaitembenuza m'mbale n'kufunsa kuti, "Ndiye nsomba ya mapaundi 400 ija ndi imeneyi?" Sanalakwitse kwenikweni. Kuphatikiza zida zoyamba, laisensi, maulendo, matikiti, shifiti yotayika, phunziro ndi chingwe chatsopano, zinkafika pamenepo. Ndikanayamba ndi phunziro, theka lake silikanapita. Tinaiwotcha ndi mchere ndi mandimu, nsima pambali. Mnofu wake ndi wofiirira, minga yochepa. Si chambo, koma ndi nsomba yoti m'mawa inali m'madzi. Muzitumbula msanga ndi kuisunga m'chikwama chozizira, chifukwa m'pulasitiki padzuwa imafewa.

Ku Rutland ndinabwererako mu Epulo 2023, ndipo linali ngati damu lina. Nthawi imeneyi trout zimakhala kufupi ndi gombe zikudya buzzer, ana a tizilombo touluka tooneka ngati udzudzu koma tosaluma. Bambo amene anaima pafupi nane atapha nsomba yake analowetsa kasupuni kakatali kukamwa mpaka m'mimba, n'kukhuthulira zotulukazo m'kambale ka madzi. Munali timphutsi takuda tambirimbiri, topindika ngati kambedza, tina tikugwedezeka, totalika ngati chikhadabo. Anatsegula bokosi lake n'kuika fly yake pambali pa kamodzi, zinali zofanana. Madzulo tizilomboto tinatuluka pamwamba pa mitengo ngati nkhungu zija zimafuka panyanja kwathu, ndipo apa m'pamene ndinamvetsa kuti ntchito yonseyi ndi kudziwa chimene nsomba ikudya ndi pamene chakudyacho chili. Fly ya buzzer suikoka. Umaponya chopingasa mphepo n'kusiya mafunde ayendetse chingwe, iwe n'kumangochotsa kulendewera. Kugwira kwake kumakhala kwamphamvu moti leader yopyapyala imaduka.

Chaka chimayenda ndi chakudya chake. Kumapeto kwa Epulo kumagwa ntchentche zakuda za miyendo yolendewera zotchedwa hawthorn. Kumapeto kwa Meyi ndi kumayambiriro kwa Juni m'mitsinje mumatuluka tizilombo touluka totchedwa mayfly. Mu Seputembala mphepo imagwetsera m'madzi daddy longlegs, tizilombo touluka ta miyendo italiitali, ndipo mu Okutobala trout zikuluzikulu zimathamangitsa ana a nsomba m'mbali mwa udzu ndi pamadoko. Sipafunika mabokosi asanu a ma fly. Buzzer wakuda, Diawl Bach, Pheasant Tail, Hare's Ear, Damsel, Cat's Whisker ndi daddy mmodzi zimakufikitsa kumapeto kwa chaka.

Kupeza malo, komwe kunandizunza kwambiri, tsopano ndimachita motere. Madamu ambiri amalemba lipoti la sabata pamasamba awo kapena pa Facebook, kunena magombe amene akugwira, ma fly ake ndi nsomba zimene msodzi mmodzi akupeza. Ndimawerenga, kenako ndimaimba foni m'mawa wa tsikulo, chifukwa mphepo ya usiku umodzi imasamutsa nsomba. Ndikafika ndimayamba ndayenda osaponya. Ndimayang'ana kumene mbalame zikuwulukira motsika pamadzi, timizere tosalala pakati pa mafunde momwe tizilombo timasonkhana, nsonga za gombe zolowa m'madzi, ndi kumene mphepo yakhala ikukankhira chakudya masiku apitawo. Pakatha ola popanda kanthu ndimasamuka. Kuzungulira Leicester madzi amene ndinapeza anali ambiri: Eyebrook kufupi ndi Corby, Draycote kufupi ndi Rugby, Pitsford ndi Ravensthorpe ku Northamptonshire, ndi Grafham chakummawa ku Cambridgeshire. Funsani za tikiti yamadzulo kapena ya maola ochepa. Ndi yotsika mtengo, ndipo m'chilimwe madzulo ndi pamene nsomba zimakwera. Kwa ife a mashifiti imatikwanira bwino.

Za mayendedwe zinatheka nditalowa kalabu ya asodzi a fly. Ndinkazengereza, poti kumadzi konse kumene ndinkapita wakuda ndinali ndekha, ndipo ena ankandiyang'anitsitsa chikwama. Wina anachita kundifunsa ngati ndikudziwa malire a nsomba zotenga, funso limene sanafunse mzungu amene anali patsogolo panga. Zinandiwawa ndipo sindibisa. Koma m'kalabumo ndinapezamo madala amene amangofuna munthu womvetsera nkhani zawo, ndipo posinthana ndi khutu amakunyamula pagalimoto, kugawana nawe mtengo wa boti, ndi kukupatsa ma fly omanga okha. M'nyengo yozizira amakumana kuphunzitsana kumanga ma fly, zomwe zimatsitsa mtengo kwambiri. Bungwe la Angling Trust lilinso ndi ntchito yotchedwa Building Bridges yofotokozera obwera kuchokera kunja malamulo a usodzi, ndipo limakonza masiku oyeserera kwa ongoyamba.

Mitsinje ndi nkhani ina. Ya kummwera yotchuka ngati Test ndi Itchen ku Hampshire, tsiku limodzi pamalo abwino limadya mapaundi mazana, si ya ife. Kufupi ndi kuno kuli Derbyshire, mitsinje ya Dove, Derwent ndi Wye. Wye ameneyu ndi umodzi mwa mitsinje yochepa m'dziko muno momwe rainbow trout, ya mzere wofiira m'nthiti ija, imaswana yokha, ndipo madera ena amangololeza fly yoyandama pamwamba. Makalabu ena ali ndi mndandanda wodikira wa zaka, ena amagulitsa matikiti a tsiku, ndipo a grayling m'nyengo yozizira amakhala otsikirapo. Ku Wales ndi kumalire kwake kuli Fishing Passport ya Wye and Usk Foundation, kumene umasankha gawo la mtsinje n'kulipira pa intaneti. Ku Scotland kulibe laisensi ya boma yotere, koma chilolezo cha mwini madzi chimafunikabe. Pamtsinje umayenda chokwera, mwakachetechete, poti nsomba imayang'ana kumene madzi akuchokera. Trout yanga yoyamba yamtchire inali yotalika ngati chikhatho ndipo ndinaibweza ndi manja onyowa. Ndinadzidabwa kuti sizinandipweteke.

Pali zoopsa zitatu zimene sindinazione zitalembedwa pabokosi la zida. Ndodo za kaboni zimadutsa magetsi, ndipo sizichita kufuna kukhudza waya, kuyandikira kokha ndi kokwanira, choncho yang'anani kumwamba musanalumikize ndodo. M'boti valani jekete yoyandamitsa, madzi a kuno ngakhale wodziwa kusambira amamuumitsa m'kanthawi kochepa. M'madzi momwe mumayenda makoswe muli matenda otchedwa Weil's disease olowera pabala, ndiye mukamva malungo mutachoka kowedza uzani dokotala kumene munali. Mudzaonanso zikwangwani za Check, Clean, Dry. Zinafala kwambiri kachilombo kachilendo ka m'madzi, kotchedwa killer shrimp, katapezeka ku Grafham mu 2010. Nsapato, ukonde ndi zovala zolowera m'madzi muzitsuke ndi kuziumitsa musanapite kumadzi ena.

Opita kutchuthi kumudzi, ndodo musaisiye. Trout anaibweretsa ku Malawi nthawi ya atsamunda n'kuithira m'mitsinje yozizira ya pamwamba pa mapiri a Zomba ndi Mulanje, komanso ku Nyika kumene kuli madamu atatu pafupi ndi Chelinda. Malo amenewa ali pansi pa a zankhalango kapena a zanyama zakutchire, ndiye chilolezo muyambe mwafunsa kumaofesi awo, ndipo imbani foni musananyamuke kuti mumve mmene nsomba zilili chaka chimenecho, poti msewu wa ku Chelinda kudzera ku Rumphi ndi pachipata cha Thazima si woyenda mongoyesa. Kwathu ku Nkhotakota mumtsinje wa Bua mumakwera mpasa kuchokera kunyanja kukaswana, ndipo alendo amaiwedza m'nkhalango yotetezedwa imene a African Parks akhala akuyang'anira kuyambira 2015. Kumeneko umayenda ndi msilikali wa nkhalango, nsomba umabweza, ndipo m'madzi sulowa chifukwa cha ng'ona. Kumunsi kwa Shire, kupitirira mathithi a Kapichira, kuli tigerfish ya mano odula leader wamba, yofuna kawaya kutsogolo kwa fly ndi ndodo ya nambala 8 kapena 9. Ma leader, ma fly ndi chingwe chapadera mugulire konkuno, ndipo ndodo ikhale yoduka zidutswa zinayi kuti ilowe musutikesi.